"Mtumwi wandimanga": yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anasiya kupemphera pa mpingo wina wa m'tauni. Mtsogoleri wa mpingowo, amene amadzitcha mtumwi, analengeza pamaso pa anthu kuti wawamanga, ndipo kuti bizinesi yawo ndi banja lawo sizidzayenda kufikira atabwerera kudzamasulidwa. Funso lawo ndi lakuti, kodi Mateyu 18:18, pamene Yesu akuti chimene mumanga pa dziko chidzamangidwa kumwamba ndipo chimene mumasula chidzamasulidwa kumwamba, sapereka mphamvu yotere kwa munthu wa Mulungu? Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kangapo, ndipo nthawi iliyonse yandikumbutsa amayi anga ondibereka.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka 12, ndipo chaka chomwecho achimwene anasankhidwa kupita ku sekondale. Amayi, posowa pogwira, anayamba kufulula mowa wamasese kuti apeze fizi. Mpingo wathu unkaletsa zimenezi ndipo iwo ankadziwa. Lamulungu lina mkulu wa mpingo anaimirira ndi kope lachikuto chofiira nkuwerenga mayina a odulidwa, ndipo dzina lachitatu linali la amayi. Titafika kunyumba anapinda bulauzi yoyera ndi duku la gulu la amayi, nkuziika pansi penipeni pa sutikesi. Kuyambira pamenepo, tsiku la Mgonero ankatuluka pamodzi ndi ife ana, nkukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi mpaka anthu ataweruka. Chimene chinkawasowetsa tulo anali maliro awo. Ankadziwa kuti akamwalira ali odulidwa, mpingo sudzabwera kudzaimba, ndipo usiku wina ndinawamva akufunsa azakhali kuti, "Ndikafa lero, kodi kumwambanso dzina langa lafufutidwa?"

Panali mkulu wina wokalamba amene sanaleke kubwera kwathu. Ankafika ndi chinangwa m'thumba, nkukhala pakhonde, osatchula za mowa mpaka pochoka. Tsiku lina amayi anamufunsa funso lomwe lija, ndipo iye anayankha kuti, "Mayi, tinakuimitsani pa gome kuti mulingalire, koma mpeni wokudulani kwa Yesu ife tilibe." Patatha chaka ndi theka amayi anasiya kufulula, anaonekera pamaso pa akulu a mpingo, ndipo dzina lawo linawerengedwanso m'kope lomwe lija ngati obwezedwa. Mpaka lero ndimaona kuti mpingo unawalemetsa kopitirira muyeso, chifukwa palibe mkulu ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za fizi ija asanawadule, ndipo abambo amene ankamwa mowawo mobisa anapitiriza kudya Mgonero. Komabe mawu a nkhalamba ija ndi amene anandiphunzitsa tanthauzo la ndime imene mwafunsayi, ndisanatsegule buku lililonse.

Mawu akuti kumanga ndi kumasula Yesu sanawapeke. Aphunzitsi a Chiyuda ankawagwiritsa ntchito potanthauza kuletsa ndi kuloleza, ndipo m'zolemba zawo mumapezeka kawirikawiri kuti ophunzira a mphunzitsi Shammai analetsa chinthu chimene ophunzira a mphunzitsi Hillel analoleza. Ankatanthauzanso kuchotsa munthu pagulu ndi kumulandiranso. Ophunzira atamva Yesu akuuza Petro ku Kaisareya wa Filipi, pa Mateyu 16:19, kuti adzamupatsa mafungulo a Ufumu wa Kumwamba, anamva chilankhulo chimene ankachidziwa, chonena za chiphunzitso ndi mwambo wa mpingo. Chifanizo cha mafungulo chikufanana ndi cha pa Yesaya 22:22, pamene Eliyakimu akupatsidwa mfungulo wa nyumba ya Davide m'malo mwa Sebina amene anadzikuza pa udindowo. Wosunga mafungulo ndi kapitawo, nyumbayo ndi ya mfumu, ndipo kapitawo wodzikuza amalandidwa mafungulowo. Ndiponso mawu a Chigiriki pa ndimeyi akhoza kumasuliridwa kuti chimene mumanga chidzakhala chitamangidwa kale kumwamba. Akatswiri amatsutsana pa mfundoyi, koma ine ndaima poti dziko ndilo limatsatira kumwamba, pakuti sindingakhulupirire kuti Mulungu amadikira munthu wokwiya alankhule pa maikolofoni kuti Iye angosainira.

Tsopano werengani Mateyu 18 yense, osati vesi 18 yokha. Kutsogolo kwake kuli mbusa amene wasiya nkhosa 99 kukafuna imodzi yotayika. Kenako pakubwera ndondomeko: mbale akachimwa umulangize muli awiri, akakana utenge mmodzi kapena awiri, akakanabe uuze mpingo. Mawu a kumanga akubwera pambuyo pa zonsezi, ndipo akulankhulidwa kwa ophunzira onse pamodzi, osati kwa munthu mmodzi. Ndimeyi itangotha Petro akufunsa kuti akhululukire kangati, ndipo Yesu akufotokoza za kapolo amene anakhululukidwa ngongole yaikulu koma nkukanyanga pakhosi mnzake. Vesi imene mtumwi wanuyo anakuwerengerani yazunguliridwa ndi kufunafuna otayika ndi kukhululuka. Kodi munachimwa tchimo lanji? Anabwera kwa inu muli awiri? Mboni zinali ndani? Kusamuka mpingo si tchimo, ndipo bizinesi ndi banja sizikutchulidwa paliponse m'ndondomeko imeneyi.

Akhristu akhala akusiyana pa nkhani ya amene akusunga mafungulowa lero. Akatolika amaphunzitsa kuti udindo wa Petro unapitirira mwa Papa, ndi wa atumwi mwa maepiskopi, ndipo pa msonkhano wa Vatican wa 1870 anatsindika ulamuliro wa Papa. Potengera Yohane 20:23, wansembe amamasula wolapa mu sakramenti la kulapa. Mipingo ya Reformed, mu Katekisma wa Heidelberg wa 1563, imanena kuti mafungulo ndi awiri, kulalikira Uthenga Wabwino ndi chilango cha mpingo, ndipo kuti wodulidwa akaonetsa kutembenuka mtima alandiridwenso. Kuno ku Africa, episkopi Cyprian wa ku Carthage anasonkhanitsa maepiskopi anzake m'chaka cha 251 kuti aone chochita ndi akhristu amene anakana chikhulupiriro pa chizunzo cha Decius, mfumu ya Aroma, ndipo anagwirizana kuti akhoza kubwezedwa atalapa. Kusiyana kulipo ndipo ndi kwakukulu, koma palibe mwa miyambo imeneyi umene umaphunzitsa kuti mtsogoleri angatseke malonda a munthu chifukwa wachoka pa mpingo wake. Chimenecho ndi chiopsezo chofanana ndi cha mfiti imene imati "uona", ndipo kuchikutira ndi vesi sikuchisandutsa chikhristu. Ndikunena mosabisa kuti munthu wochita zimenezi akuchimwira Mulungu ndi nkhosa zake, ngakhale atakhala ndi anthu zikwi pa mapemphero ake a usiku.

Za dzina lakuti mtumwi

Posankha wolowa m'malo mwa Yudasi, pa Machitidwe 1:21-22, anafuna munthu amene anayenda ndi Yesu kuyambira pa ubatizo wa Yohane ndi kukhala mboni ya kuuka kwake. Sindikangana ndi amene amagwiritsa ntchito dzinali potanthauza wotumidwa kukadzala mipingo, koma amene akufuna ulamuliro wa atumwi aone momwe iwo anaugwiritsira ntchito. Pa Machitidwe 15 atumwi ndi akulu anakhala pamodzi ku Yerusalemu, anamva umboni, anawerenga mneneri Amosi, nkumasula akhristu a mitundu ina ku goli la mdulidwe, ndi kuwamanga pa zinthu zochepa zokha. Paulo anauza Akorinto kuti achotse munthu wachigololo pakati pawo, koma pa 2 Akorinto 2 akuchonderera kuti wolangidwa akhululukidwe ndi kutonthozedwa kuti angamizidwe ndi chisoni, ndipo m'kalata yomweyo akunena kawiri kuti ulamuliro wake anapatsidwa kuti alimbikitse anthu, osati kuwagwetsa. Pa Luka 13, womanga mayi wopindika msana kwa zaka 18 anali Satana, ndipo Yesu ndiye anamumasula. Yesu yemweyo anadzudzula alembi ndi Afarisi pa Mateyu 23 chifukwa chomanga akatundu olemera pa mapewa a anthu ndi kuwatsekera Ufumu. Choncho kumanga koipa kulipo m'Baibulo, ndipo kumadziwika mbali imene kuli.

Mayi, simunamangidwe. Musabwerere kukagwada, ndipo musapereke ndalama iliyonse ya chimasulo. Ngati pali munthu amene munamulakwira pochoka, kapepeseni kwa iyeyo. Pezani mpingo umene abusa ake amayankha kwa akulu anzawo, muwafotokozere zonse ndipo apemphere nanu. Malonda akavuta mwezi uno, yang'anani mitengo ndi ngongole monga amachitira wamalonda aliyense, ndipo mauthenga oopseza akapitirira pa foni, asungeni ndipo mukanene kupolisi.