Mchimwene wanga akuti ndikumuthirira kolona m'nsima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Dzina sinditchula. Akuti mchimwene wawo sakugona kuyambira mu Januwale, ndipo akusamba m'manja mpaka khungu kung'aluka. "Poyamba tinkati n'kusamala chabe. Pano akukana nsima yomwe ndaphika, akuti ndathiramo kolona, ndipo akuti usiku amamva aneba akupangana zomupha. Akuluakulu akuti tipite naye kwa sing'anga. Nditani?"

Mayi, pepani kwambiri. Imelo yanu ndaiwerenga katatu.

Mantha a mchimwene wanuwo ali ndi pochokera. Mwezi wa Januwale 2021 unatipweteka tonse. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, anthu n'kumati ngati akuluakulu otere akupita, ife ndiye ndani? Maliro tinkaika mothamanga, osachezera pasiwa, osagwirana chanza ndi ofedwa. Ukatsegula WhatsApp, uthenga wa maliro, wina pamwamba pa unzake. Ineyo ndinakhala masiku angapo ndikudzuka pakati pa usiku kukanunkhiza sopo, kufuna kudziwa ngati mphuno ikumvabe fungo. Nkhawa ikakula mtima umathamanga, thukuta limatuluka, mpweya umabanika, ndiye poti kubanika ndi chizindikironso cha Covid-19, munthu amati basi yandipeza, mantha n'kuwonjezekanso.

Koma zomwe mwalembazi zapitirira pamenepo. Wankhawa amaopa matenda, ndipo ukamulankhula bwino mtima umakhalako pansi. Mchimwene wanu wayamba kuopa inu, mlongo wake amene mwakhala mukumuphikira zaka zonsezi, komanso akumva mawu omwe ena m'nyumbamo sakuwamva. Amenewa ndi matenda a maganizo, ndipo mankhwala ake alipo. Kusagona kwa nthawi yaitali kumawakulitsa, chimodzimodzinso chamba ndi kachasu, choncho fufuzani mwakachetechete ngati wayamba zimenezi.

Za kwa sing'anga ndikukanizani, ndipo ndikudziwa kuti kutsutsa amalume n'kovuta. Munthu amene akukhulupirira kale kuti akumuchita chiwembu, mukamupititsa kumene akamuuze dzina la womulodza, mwathira mafuta pamoto. Dzinalo likhoza kukhala lanu kapena la gogo wina wosalakwa. Tisaiwale kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera ozungulira. Mapemphero pitirizani, abusa abwere, koma asamuuze kuti asiye mankhwala.

Pakhomopo musalimbane naye. Mukamati "ukunama, palibe akufuna kukupha", iye amaona ngati nanunso muli m'gulu la adaniwo. Musavomerenso kuti n'zoona. Muuzeni kuti, "Achimwene, ndikuona kuti muli ndi mantha aakulu, ine ndili nanu." Nsima ikapsa khalani naye pansi, mbale imodzi, muyambe ndinu kutema mbamu iye akuona. Akafuna kudziphikira yekha, mulekeni aphike, bola adye. Wailesi ya nkhani za mliri itsekedwe madzulo, ndipo musamanong'onezane iye ali pafupi, chifukwa kunong'ona kulikonse iye akumva ngati upo.

Pitani naye kuchipatala sabata ino. Mukhoza kumunyengerera ndi nkhani ya tulo, poti imeneyo sangaikane: tiyeni akakuthandizeni kuti muzigona. Akamuyezenso malungo ndi Covid-19, chifukwa kutentha thupi nako kumasokoneza mutu. Ku Lilongwe komweko kuli chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God, chomwe chilinso ku Mzuzu, ndipo m'zipatala za boma za m'maboma mumapezeka anamwino a matenda a maganizo. Anthu akangomva za matendawa amaganiza za Zomba Mental Hospital n'kuchita manyazi, chonsecho ambiri amalandira mankhwala n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Akayamba kunena zodzipha, kusunga mpeni pansi pa pilo, kapena kukana ngakhale madzi, musadikire kuti kuche. Bisani zingwe ndi mankhwala a mbewu, itanani abale awiri omwe amawakhulupirira, mupite naye nthawi yomweyo. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Inunso Mayi, mwalemba imeloyi cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Pezani wachibale woti muzisinthana naye kudikirira usiku. Mukabwerako kuchipatala mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti akuti chiyani.