Chotupa cha mwana wathu chaphwa, kodi tisiye kupita kuchipatala?

FUNSO

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Mulanje. Mwana wanga wachiwiri, yemwe ali ndi zaka zisanu, anatupa tsaya mpaka mano anayamba kugwedera, ndipo atamuyeza kuchipatala chachikulu anatiuza kuti ali ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma. Walandira mankhwala a m'diripi kawiri ndipo chotupa chija chaphweratu, koma tsitsi lathothoka, amasanza pafupipafupi, ndipo m'kamwa mwatuluka zilonda. Bambo ake pamodzi ndi apongozi anga akuti mwana wachira, tisiye kumuzunza ndi mankhwala, makamaka jakisoni wa pamsana. Ndalama ya thiransipoti nayo yatithera, kumunda sitinapalire. Madokotala akuti tibwererenso sabata yamawa. Kodi ndimvere ndani?

Mayi wodandaula, Mulanje

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa. Pitani naye mwanayo pa tsiku limene madokotala anakulemberani m'buku la kuchipatala, ndipo musalidumphe ngakhale mwanayo atakhala kuti akusewera ngati sanadwalepo.

Khansa imeneyi, yomwe dokotala Denis Burkitt anaifotokoza koyamba mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda, ndi imodzi mwa khansa zimene zimagwira kwambiri ana kuno ku Malawi, ndipo imakonda madera amene malungo ndi ofala. Imakula msanga kuposa khansa zambiri, moti chotupa chimatha kuwirikiza kukula kwake m'masiku awiri okha. Chifukwa cha kufulumira komweko, imamvanso mankhwala msanga, n'chifukwa chake tsaya la mwana wanu laphwa atangolandira mankhwala kawiri. Vuto ndi lakuti chimene chatha ndi chotupa chooneka ndi maso chokha. Maselo a khansa ochepa amatsalira m'mimba, m'mafupa kapena m'madzi ozungulira ubongo, ndipo akapatsidwa mpata amachulukananso. Inu monga mlimi mukudziwa kuti munda womwe mwangosadzula udzu pamwamba, mizu ili pansi, suchedwa kuwirira mvula ikagwa. Khansa ikabwereranso mwana atasiyira mankhwala panjira, nthawi zambiri imavuta kuchiza kuposa poyamba, ndipo kusiyira chithandizo panjira ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene ana odwala khansa amamwalirira m'mayiko osauka, pamene kumayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse amachira.

Jakisoni wa pamsana amaopedwa m'mabanja ambiri, ndipo sindikudabwa kuti apongozi anu akumukana. Amabayidwa chifukwa mankhwala a m'diripi safika mokwanira kuubongo ndi m'msana, kumene khansa imeneyi imakonda kubisala. Singano imalowa m'munsi mwa msana, ndipo cholinga chake ndi kuteteza mwana ku kufa ziwalo kumene khansayo imabweretsa ikafika kumeneko. Kuthothoka kwa tsitsi, kusanza ndi zilonda za m'kamwa zimadza chifukwa mankhwalawa amapha maselo onse okula msanga, abwino ndi oipa omwe. Tsitsilo lidzameranso chithandizo chikatha. Za kusanza ndi zilonda muwauze anamwino mosabisa, chifukwa mankhwala ochepetsa zimenezi alipo.

Pa nkhani ya amuna anu ndi apongozi anu, sindikukulangizani kuti mulimbane nawo. Iwo akuona mwana amene ankathamanga tsopano akufooka, ndipo zimene madokotala anafotokoza anazimva kudzera mwa inu nokha, amene mwakhala gadiyani kuwodi. Mawu a mtengwa kapena a mkazi wa m'nyumba, tinene zoona, sakhala olemera pamaso pa akuluakulu ngati mawu a dokotala. Choncho pemphani bambo a mwanayo kuti ulendo uno mupite nawo, afunse okha mafunso awo onse, aonenso ana ena amene atsala pang'ono kumaliza mankhwala. Ngati akukana, itanani ankhoswe ndi amalume a mwanayo mukhale pansi, buku la kuchipatala lili poyera, kuti chigamulo chisakhale pamutu panu nokha. Pamsonkhano womwewo mugawane ntchito: wina apalire munda, wina asamale ana awiri otsala pakhomo, ndipo wina adzakupumitseni kuwodi. Akabweretsa nkhani ya kwa asing'anga, auzeni mwaulemu kuti khansa siyochita kulodzedwa, sipatsirana podyera limodzi, ndipo mankhwala azitsamba akhoza kulemetsa chiwindi ndi impso zimene zikulimbana kale ndi mankhwala amphamvu.

Za thiransipoti musachite nazo manyazi. Chithandizo cha khansa ya ana m'zipatala za boma za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe ndi chaulere, ndipo ogwira ntchito m'mawodi a ana amadziwa bwino kuti ulendo ndi umene umagonjetsa mabanja ambiri. Auzeni vuto lanu tsiku lisanafike, mufunse ngati pali thandizo la ulendo, ndiponso mufunse kuchipatala cha boma lanu za galimoto yotengera odwala kuchipatala chachikulu. Mpingo wanu ndi banki mkhonde ya m'mudzi mwanu ndi malo enanso oyenera kugogodako.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma ndi choopsa kuposa zonse zimene mwatchula. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri mwana atalandira mankhwala, chitetezo cha m'thupi mwake chimatsika kwambiri, moti kachilombo kamene mwana wina angalimbane nako kakhoza kumupha m'maola ochepa. Thupi likangotentha, kapena choyezera chikaonetsa madigiri 38, musamupatse panado n'kudikira kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, usiku ngakhale masana, ndipo muwauze pofika pomwe kuti mwanayu akulandira mankhwala a khansa. Azigona m'neti usiku uliwonse, azimwa madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo asayandikire ana odwala chikuku kapena katsabola.

Popeza m'kamwa muli zilonda, nsima yolimba imuvuta. Mupatseni phala la Likuni kapena phala lothira nsinjiro, mazira ophika bwino, nthochi ndi mbatata yopota, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, ndipo muzimuchukuchitsa m'kamwa ndi madzi owiritsa othira kamchere pang'ono. Ngati akupitirira kutsika sikelo, funsani za chiponde kuwodi. Ana awiri otsalawo muwauze m'mawu osavuta kuti m'bale wawo akudwala matenda amene satengerana, kuti asamamuthawe ndiponso kuti azitha kuyankha anzawo akamamuseka chifukwa cha mutu wopanda tsitsi.