Makina oboolera a patebulo: yambani ndi liwiro lotsika

Mwafunsa ngati makina oboolera a patebulo angakwanire pa matabwa ndi zitsulo kunyumba. Angakwanire, koma musakopeke ndi mphamvu ya mota yokha. Ang'onoang'ono a maspidi asanu amayambira cha pa 600 rpm (kuzungulira ka 600 pa mphindi imodzi), pomwe hole saw (sowo yozungulira yoboolera mabowo aakulu) ya 50 mm pachitsulo imafuna yosapitirira 200. Mukaithamangitsa, mano amapsa n'kubuntha. Ndiye funani a maspidi 12, omwe amayambira pa liwiro lotsikirapo, okhala ndi chuck ya 16 mm. Chuck ndi chomwe chimagwira biti, kachitsulo koboolera.

Musanalipire, tsitsani chuck mpaka pansi ndi chigwiriro, muigwedeze ndi dzanja. Ikamasewera, mabowo azituluka okulirapo komanso opendekeka. Makina amenewo asiyeni.

Chitsulo chomwe mukuboola muzichimanga mu vayisi (chopanira) yomangirira patebulo. Biti ikakodwa potulukira, chitsulocho chimazungulira n'kucheka zala.