Funsani Akatswiri: Kodi mu 1616 kunkachitika zotani?

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale ku Katete. Ana ambiri amaganiza kuti mbiri ya kuno inayamba ndi Angoni ndi Fort Jameson (Chipata wa lero). Kodi pali chaka chimodzi chamakedzana chimene ndingaphunzitsirepo za kwathu pamodzi ndi za maiko akutali?

Aphunzitsi, tengani 1616. Angoni anali asanafike, paja iwo anawoloka Zambezi mu 1835. Dziko la pakati pa Zambezi, Luangwa ndi nyanja linali m'manja mwa mafumu a Amaravi a mfunda wa Phiri, komwe kukuchokera ufumu wa a Gawa Undi.

M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho, Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro ananyamuka ku Tete atatenga siliva wa ku Chicoa kuti akaonetse mfumu yawo ku Ulaya. Anamutuma ndi Diogo Simões Madeira, amene mu 1607 anapatsidwa migodi ndi Mwene Mutapa Gatsi Rusere, mfumu ya kummwera kwa Zambezi, posinthana ndi thandizo pankhondo. Njira yodziwika inali yotsika ndi Zambezi n'kukakwera chombo cha ku chilumba cha Mozambique, koma Madeira anali pa udani ndi akuluakulu a Chipwitikizi kumeneko. Choncho Bocarro anadula pamtunda kulowera ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Tanzania wa lero.

Apa ndiye pofunika kuti ana amvetse. Mlendo sankangodutsa m'dziko la eni ake. Pa mfumu iliyonse ankatula mphatso ya nsalu ndi mikanda, kenaka mfumuyo n'kumupatsa chakudya ndi anthu omulondolera njira kufika kwa mfumu ina. Nsaluzo zikakuthera pakati pa ulendo, ndiye kuti ulendonso wathera pomwepo. Bocarro anafika kwa Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi, napereka mphatso zake, ndipo Muzura anamupatsa omuperekeza. Anawoloka Shire, ndipo ulendo wonse kuchokera ku Tete kufika ku Kilwa unatenga masiku 53. Antchito ake pobwerera, popeza analibe katundu wolemera, anangoyenda masiku 25. Auzeni ana awerengetsere okha kusiyana kwake, aone mmene mtolo umadyera masiku.

Muzurayu sanali mfumu yongolandira alendo ayi. Mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi ndi Gatsi Rusere, ndipo mu 1622 Apwitikizi anamuthandizanso kugonjetsa Lundu, mfumu ina ya Amaravi. Ndale zimenezo, zofanana ndithu ndi za mafumu a ku Ulaya.

Kodi Bocarro anadzera ku Chipata? Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Chadiza.

Ayi. Njira yake inalowera kumpoto chakum'mawa kwa Tete, cha ku Shire. Amene anadzera mbali yathu ino n'kuwoloka Luangwa ndi Francisco de Lacerda mu 1798, popita kwa Mwata Kazembe, komwe anakafera chaka chomwecho.

Ndili giredi 12 ku Chipata. Ndinamva kuti Adatchi anafika ku Australia mwangozi. Chombo chachikulu chingasochere bwanji chonchi?

Mwana wathu, vuto linali la muyeso. Amalinyero a nthawi imeneyo ankadziwa bwino kuti ali kumpoto kapena kummwera motani poyeza kukwera kwa dzuwa masana. Koma kuti apita kum'mawa mtunda wotani, ankangoyerekeza potengera liwiro la chombo ndi maola amene ayenda, chifukwa wotchi yodalirika panyanja inadzapangidwa patatha zaka zoposa 100.

Kuyambira 1611, Hendrik Brouwer anaonetsa Adatchi njira yachidule ya ku Java: ukadutsa Cape of Good Hope, tsika kummwera kumene mphepo yamphamvu imawomba kuchokera kumadzulo, thamanga nayo kum'mawa, kenaka khotera kumpoto. Wochedwa kukhota ankangoona gombe la Australia patsogolo pake. Ndi zimene zinachitikira Dirk Hartog pa 25 Okutobala 1616. Iye anasiya mbale yachitsulo yolembedwa pa chilumba chimene lero chimadziwika ndi dzina lake. Anachita mwayi, chifukwa zombo zina pambuyo pake zinasweka pa miyala ya gombe lomwelo.

Chaka chomwecho, mu Januwale, Willem Schouten ndi Jacob Le Maire anazungulira Cape Horn kunsi kwa South America. Sikuti ankafuna ulemu chabe. Kampani ya malonda ya Adatchi yotchedwa VOC inali ndi lamulo loti Mdatchi wina asadzere ku Cape of Good Hope kapena pa mpata wa Magellan, ndiye iwo ankafuna njira yachitatu yopita kumene kunali zokometsera zakudya. Ananyamuka ndi zombo ziwiri, koma china chinapsa ku Patagonia pamene ankachiwaula pansi ndi moto pochotsa zomera za m'madzi. Atafika ku Java, Jan Pieterszoon Coen wa VOC sanakhulupirire za njira yatsopanoyo, nawalanda chombo chotsalacho. Le Maire anamwalira panyanja mu Disembala 1616 akumubweza kwawo.