Mwana wamfupi kuposa anzake: kodi jakisoni wa growth hormone angathandize?

Mayi, mwafunsa ngati jakisoni wa growth hormone (hormone imene thupi limapanga kuti mwana azikula) angatalikitse mwana wanu wa zaka 8. Musathamangire jakisoniyo. Yambani mwamuyeza kutalika atavula nsapato, mudzamuyezenso pakatha miyezi 6. Mwana wa zaka zimenezi amatalika masentimita pafupifupi 5 pachaka; akamalephera kufika 4, dokotala afufuze. Nthawi zambiri kufupikako kumakhala kwakumtundu, kapena chifukwa cha zakudya zosakwanira, mwinanso chithokomiro.

Dokotala adzajambula X-ray ya dzanja lamanzere la mwanayo kuti aone kukhwima kwa mafupa, n'kuyeza m'magazi IGF-1, imene imathandiza kudziwa ngati growth hormone ikukwanira m'thupi. Akatsimikiza kuti hormone ikuperewera, jakisoni amabayidwa pansi pa khungu, nthawi zambiri madzulo aliwonse, mosinthasintha malo. Mutu ukamamupweteka kwambiri kapena akayamba kutsimphina, bwererani kwa dokotala msanga. Mafupa akakhwimiratu atatha msinkhu, jakisoniyo satalikitsanso munthu.