Kusiyana kwa hit, strike ndi beat

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene aphunzitsi anathethera chiganizo cha mwana wanu chakuti "The stone beat the window", pamene mtanthauziramawu akunena kuti beat ndi kumenya. Aphunzitsiwo sanalakwitse, ndipo mwanayo anasokonezeka chifukwa mneni wathu wakuti kumenya amasenza yekha ntchito imene Chingerezi chinagawira mawu angapo.

Choyamba kufunsa ndi chakuti chinthucho chamenyedwa kangati. Hit ndi kumenya kamodzi, mwadala kapena mwangozi, choncho mwala ukagunda zenera, kapena galimoto ikagunda mbuzi pamsewu, mawu oyenera ndi amenewa. Beat ndi kumenya mobwerezabwereza, ndipo n'chifukwa chake amagwiritsidwa ntchito pa ng'oma, pa kugunda kwa mtima ndi pa kutakasa mazira. Kusiyanaku ndimakutenga kukhala kofunika kwambiri, chifukwa munthu wofotokoza nkhani kupolisi m'Chingerezi akanena kuti "he beat me" pamene anamenyedwa khofi limodzi, womva amaganiza za kumenyedwa kwa nthawi yaitali. Khofi kapena mbama ndi slap, chibakera ndi punch, theche ndi kick, ndipo chikoti ndi whip. Beat alinso ndi tanthauzo la kugonjetsa, monga pamene timu ya Flames inagonjetsa Zimbabwe ndi zigoli 2 kwa 1 mu Januwale 2022. Mukalemba hit pamenepo, owerenga aganiza kuti osewera anachita ndewu.

Strike ndi wofanana ndi hit potanthauza kumenya kamodzi, koma amamveka waulemu ndiponso wolemera, moti amapezeka kwambiri m'manyuzipepala ndi m'makhoti kusiyana ndi pocheza pakhonde. Mphenzi ikaomba mtengo, Angerezi kawirikawiri amati "lightning struck the tree". Pa namondwe Freddy, amene anasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, hit ndi struck onse angathe kugwira, koma struck amasonyeza bwino kudzidzimutsa kwa tsokalo. Mawu akuti strike ndi amenenso anatipatsa sitalaka, kunyanyala ntchito kuja.

Muthandizenso mwanayo pa kasinthidwe ka mawuwa ponena za zinthu zochitika kale, chifukwa mayeso amakonda kukola ana pamenepa: hit sasintha, strike amasanduka struck, pamene beat amakhala beat, koma pambuyo pa has kapena was amakhala beaten. Chiganizo chake chija alembe kuti "The stone hit the window".