Ndikapalasa bwanji njinga ku Amsterdam?

FUNSO: Ine ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Bembeke. Mu Okutobala ndikupita ku Netherlands kukachita maphunziro a masabata atatu okhudza ulimi wa mbatatesi. Pa pulogalamu alembapo kuti Loweruka lina tidzazungulira mzinda wa Amsterdam pa njinga. Kupalasa ndimatha ndithu, koma m'misewu yafumbi yakwathu kuno. Ndikonzekere bwanji kuti ndisakachite manyazi? — Mayi wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO: Mayi, za miyendo musadere nkhawa. Inu amene mumakwera zitunda za ku Bembeke mukaona ngati mukupalasa pabwalo la mpira, poti mzindawo ndi wathyathyathya. Chitunda chake ndi kamlatho kowolokera ngalande basi. Chimene ndikukuoperani ine ndi chizolowezi.

Kuno timayenda kumanzere, kumeneko ndi kumanja. Mutu umamva msanga, koma manja amabwerera ku zakale, makamaka pokhota. Ndiye masabata atsalawa pezani bwalo la sukulu ana ataweruka, muzipalasa chakumanja, ndipo mukafika pomwe mwati ndi mphambano muziyamba mwayang'ana kumanzere. Pa M1 ayi, chonde.

Kenako mabuleki. Njinga zambiri za kumeneko zilibe mabuleki a m'manja, umaima pobweza mapedulo m'mbuyo. Ine ulendo wanga woyamba ndinafika pamaloboti n'kufinya mahandulo opanda kanthu, mtima uli thithithi, mpaka ndinaima ndi nsapato. Pobwereka njinga nenani mosachita manyazi kuti mukufuna ya mabuleki a m'manja, amakhala nazo. Awuzeninso akutsitsireni chishalo mpaka phazi lizifika pansi, pakuti njinga zawo n'zazitali ngati eni ake.

Njira za njinga mukazizindikira ndi phula lofiirira. Eni mudzi amadutsamo mothamanga, wina wapakira ana awiri kutsogolo, belu lili ngiringiri. Musakaime pakati kuti mujambule chithunzi. Lozani ndi mkono, patukani, kenako tulutsani foni. Kuyambira pa 1 Julayi 2019 kugwira foni m'manja uku ukupalasa ndi mlandu wolipira chindapusa.

Koma chimene chimagwetsa alendo ndi njanji za tram, tisitima toyenda mumsewu momwemo. Tayala likangolowa m'kangalande ka njanjiyo, mwagwa. Muziidula mopingasa, osayenda moitsatira, ndipo kukagwa mvula imaterera kwambiri. Tram ikamabwera ipatseni njira.

Okutobala wa kumeneko si wotentha ngati wathu. Ganizirani chisanu cha pa Dedza mu Juni, muwonjezepo mphepo ndi mvula yowaza. Tengani jekete losalowa madzi ndi magolovesi. Chitenje chikhale m'chikwama tsiku limenelo, chingakodwe mu tcheni. Akakupatsani maloko awiri mangani onse, lina ku chitsulo chokhazikika, chifukwa akuba njinga aliko.

Mukapeza mpata, tsiku la ulendolo lisanafike kayeseni kaye njinga mu Vondelpark, muli mitengo ndi njira zotakata zopanda chipwirikiti cha magalimoto. Ndipo mukapemphe okuperekezani akufikitseni kuseri kwa siteshoni ya Amsterdam Centraal. Pali mapantoni owolotsa anthu ndi njinga zawo pamadzi a IJ kwaulere. Mumangotsika, n'kuikankha njinga kulowa nayo, mphindi zochepa muli tsidya lina.